Gasi m'ngalande ya ku Mgona

Ndinkagwira ntchito pa fakitale ina yophika buledi ku Kanengo, ndipo nyumba yanga inali ku Mgona, kuseri kwa mpanda wake. Mauvuni ankayaka ndi gasi wochokera mu thanki yaikulu. Pa paipi yake anamangirirapo mita ya tizitsulo tiwiri totumizirana kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu. Gasi akamayenda, kaphokosoko kamafika msanga mbali imodzi kuposa inayo, ndiye mita imaonetsa kuchuluka kwake. Kuyang'ana manambalawo inali ntchito yanga.

Loweruka lina masana, m'nyengo yozizira, tinazimitsa mauvuni onse kuti tiweruke. Mita inayenera kuima. Sinaime. Manambala ankayendabe pang'onopang'ono.

Ndinanunkhiza kuti ndimve ngati gasi akudontha penapake, koma ndinali ndi chimfine. Kapitawo wathu, munthu wa ku Dedza, anati mwina mitanso yazizidwa ngati ine. Atayang'ana yekha anasiya kuseka, nathamanga kukatseka ku thanki. Tinapaka madzi a sopo molumikizira mapaipi, ndipo thovu linafufuma pamwamba penipeni pa ngalande ya madzi a mvula. Panalibe ankadziwa kuti kudonthako kunayamba liti.

Gasi ameneyu ndi wolemera, amatsata kotsika ngati madzi. Ngalandeyo inkadutsa pansi pa mpanda n'kukatulukira kwathu, pamene bambo wina ankakazinga tchipisi pa chiwaya. Ana anga ankakonda kuotha moto pamenepo.

Ndinathamanga. Ndinapeza mwana wanga wamng'ono atanyonyomala m'mphepete mwa ngalande, manja atalozetsa ku moto.

“Achimwene, zimitsani moto, m'ngalandemu mukubwera gasi,” ndinauza bambo wa tchipisi uja.

“Ali kuti gasiyo, bigi? Tandionetsani. Tchipisi changa chikhale chachiwisi chifukwa cha mphepo?”

Ndinalibe chowaonetsa. M'ngalandemo munali majumbo ndi makoko a chimanga basi. Ndinamuuza mwana kuti athawire kumtunda, ine n'kuyamba kukwirira motowo ndi dothi, ndi manja. Bamboyo anandigwira malaya.

Mayi wogulitsa tomato pafupi ndi amene anayankhula, motsitsa mawu. Anati kuyambira m'mawa ankamva fungo ngati la kabichi wowola, iwo n'kumayesa kuti muli galu wakufa. Bambo uja anandisiya, natola fosholo n'kuyamba kukwirira moto wake.

Tinakhala kumtunda tonse, osayatsa ngakhale fodya, mpaka kapitawo anabwera kudzanena kuti mphepo yachotsa gasiyo. Mwana atandigwira dzanja m'pamene ndinazindikira kuti zala zanga zapsa.