Chambo Chimene Sindinalandire

Zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala ndikuwatola amuna anga m'ngalande, ndikuchapa masanzi a kachasu. Ndinalira, ndinaitana ankhoswe, ndinathawirako kwa amayi kawiri. Kusintha ata!

Ndiye kunabwera anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Mmodzi wa iwo, bambo woonda wosoka maukonde padooko pathu ku Nkope, anayambitsa kagulu ka amuna ofuna kusiya mowa. Ankakumana Lachitatu masana kuseri kwa tchalitchi, ndipo ngakhale Asilamu omwera mobisa ankabwera. Lamulo lawo linali lakuti aliyense akhale ndi womuperekeza kuchokera kunyanja mpaka pakhomo, kuti asakhotere kwa otcheza kachasu. Amuna anga ankaperekezedwa ndi mlendoyo.

Anasiyadi mowa. Mukuganiza ndinasangalala? Ndinkapsa mtima. Pakhomo nyimbo inali imodzi: “Achimwene aja akuti, achimwene aja akuti.” Mawu omwewo ine ndinawanena mpaka kukhosi gwa, koma anakoma atatuluka m'kamwa mwa munthu wobwera dzulodzuloli.

Munthu akatha miyezi itatu osalawa, ankabweretsa chambo chachikulu pagulu n'kupereka kwa amene wamuthandiza. Tsiku limenelo akazi tinkaitanidwa. Litafika tsiku la amuna anga, ndinavala chitenje chatsopano, n'kukhala kutsogolo, manja ndatchera kale. Amuna anga anandidutsa ngati chitsa, n'kukagwada kwa mlendoyo. Anthu m'manja phuphuphu. Ine ndi nsanje ndinangobweza manja anga aja.

Mawa lake ndinagula kabotolo ka kachasu, wamutu weniweni, n'kukabisa m'dengu la ukonde wa amuna anga. Ndisaname, ndinkafuna agwe, kuti aone amene amawadzutsa ndani.

Anakapeza masana, ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Anakagwira nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kukalowetsa m'thumba, ulendo.

Lachitatu ndinakabisala kuseri kwa mpanda wa tchalitchi, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti andiyalutse pagulu. Anaimirira, n'kuika kabotolo kaja pansi, kosatsekula.

“Abale anga, kachasu uyu ndinagula ndekha,” anatero. “Ndinangotsala pang'ono kugwa.”

Anzawo anawadzudzula, n'kufafaniza miyezi itatu ija kuti ayambirenso pachiyambi. Iwo anangowerama, kuvomera zonse.

Tinakhala limodzi zaka zina makumi awiri, iwo osalawanso n'dontho lomwe. Za kabotoloko sanandifunsepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo ine sindinapepese.