Ba landilodi ndi bedi losapuma

Ku Chelstone kuli dikoni wina amene amadana ndi malo opanda munthu kuposa mmene amadanira ndi Satana. Ndiwo ba landilodi. Galaja anaidula pawiri. Khola la nkhuku analipaka penti, pano muli banja. Matenanti akalowa m'chimbudzi sachedwamo, kuopa kuti angawamangire momwemo n'kuwauza kuti asamukira.

"Lusaka yakula," amatero atagwira pamtima. "Ine nithandiza boma."

Tsiku lina ba Tryness, aphunzitsi a m'galajamo, anaweruka msanga mutu ukuwawa. Anapeza chibambo chikuliza mkonono pabedi pawo, majombo ali pakhomo.

"Ba landilodi, ni ndani uyu?"

"Ni ba Kabwe, ba gadi. Basebenza usiku, imwe musebenza muzuba. Bedi izinkhala chabe, bantu bavutika? Ngati simufuna, mayi, pa geti pali bantu."

Ba Tryness anasuzumira. Analipodi, wina atasenza kale matiresi. Anakumbukira mmene anazungulirira Kabwata ndi Emmasdale kufunafuna nyumba mpaka nsapato kung'ambika, paliponse akungomva kuti kwadzaza.



"Mubauze chabe," anatero motsitsa mawu, "bazibwela na pilo yao."