Wovomera Nyimbo Kuchigafa

Tsiku limene tinakambirana za sukulu ya mwanayo tinalipo ine, mlongo wanga wamkulu amene ndi mwini mbumba yathu, mng'ono wanga wokwatiwa kwa Zulu, ndi mwanayo, mdzukulu wanga, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi amene tinali titangomuika m'manda. Bambo ake panalibe; anali tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anabwerera kwawo mwanayo akukwawa.

Nkhani inali yakuti sekondale ina ya ku Lilongwe, yogonera komweko, inamusankha m'kalasi ya nyimbo. Aphunzitsi a sukuluyo anamumva akuyambitsa nyimbo pa mpikisano wa makwaya ku Boma, namuitana kukayesedwa. Anatichenjezeratu kuti wolephera mayeso a kumapeto kwa chaka amabwezedwa kwawo.

"Kuyimba n'kokaphunzira kusukulu?" anafunsa mng'ono wanga. "Si yemweyu amatisokosera kumjigo popanda womuphunzitsa?"

Mlongo wanga anaseka, nati kwa ine, "Achemwali, amene munaponda sekondale m'banja muno ndinu. Mukati apite, apita."

Ndinati apite, ngakhale ndinkadziwa kuti nditsala ndekha m'nyumba. Ndinamukweza minibasi ku Boma ndili m'zovala zakuda.

Lamlungu masana ankaloledwa kuimba foni. Poyamba ankadandaula za manotsi ndi kiyibodi, poti anzake a m'tauni anazidziwa ali aang'ono, ndipo anzakewo ankaseka zala zake zozolowera kutonola chimanga. Zimenezo anazigonjetsa ndi khama. Anzake akapita kukacheza, iye ankatsalira m'kalasi. Chimene chinamukanika chinali china.

Kwathu kuno munthu sayimba yekha. Woyambitsa amaponya mzere, naleka, ena n'kuvomera, iye n'kulowanso pamwamba pa mawu awo. Mwanayo anakula akuyambitsa, amayi ake ndi ine tikuvomera. Koma pa mayeso a kusukuluko mwana amaima yekha pamaso pa aphunzitsi. Iye akatha mzere ankaima kudikira womuvomera, ndipo pakakhala zii mzere wotsatira unkamuthawa.

"Agogo, akuti ndikapitiriza kuima pakati pa nyimbo ndibwerera kumudzi," anatero tsiku lina. "Ndikaleka sindimva munthu. Ndimamva fani ya kudenga basi."

Anandipempha kuti ndizimuvomera pafoni. Sindinalole msanga, pakuti m'banja mwathu mayi wofedwa sayimba asanavule zakuda, ndipo ife tinali tisanamange chiliza. Ndikanatha kuyimba mobisa, koma sindinaleredwe motero. Ndinapita kwa mlongo wanga, ndinakhala pansi, ndi kufotokoza zonse.

"Mwambo sindingauchotse ine," anatero. "Koma chigafa changa chili kutali ndi nyumba za anthu, ndipo makutu angawa anayamba kale kugontha."

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse ndikachoka ku Misa ku Guilleme, ndinkadutsa m'munda wa mtedza kupita kuchigafa. Fodya anali atagulitsidwa. Munali mikangala yokha yoyanikira fodya ndi fungo lake. Ndinkakhala pachitsa, foni ili pakhutu. Iye ankaponya mzere ali ku Lilongwe, ine n'kuvomera ndi mawu osasa. Pamalo pamene amayi ake ankalowa ndi mawu apamwamba panalibe wolowapo, ndipo tonse awiri tinkapamva, koma palibe anapatchula.

Mng'ono wanga anamva ndithu. Anabwera, nandiyang'ana zovala, nati, "Akulu, ndamva kuti kuchigafa kwayamba kwaya." Ndinamuuza kuti akafunse mwini chigafa. Sanapiteko, koma anatha miyezi osaponda pakhomo panga.

Mayeso atayandikira ndinaona kuti ndikumuzoloweza ndodo imene sadzalowa nayo m'chipinda chamayeso. Ndinayamba kuvomera motsitsa, kenaka mong'ung'udza. Lamlungu lina sindinavomere konse. Anaponya mzere, panakhala zii, ndipo ndinamumva akupuma. Ndinadziluma mlomo. Ndiye analowa yekha, pa nthawi yake yeniyeni, nafika kumapeto.

"Agogo, netiweki inadula?"

"Sinadule, mwanawe. Ndinali pompano."

Anakhoza, ndipo akupitiriza sukulu. Tsopano Lamlungu amakhala ndi kwaya ya kusukulu, ndipo foni imalira mwa apo ndi apo. Sindidandaula, n'chimene ndinkafuna. Chiliza tinamanga, zakuda ndinavula, ndipo ndine womasuka kuyimba paliponse, koma m'nyumba muno mulibe woyambitsa. Nthawi zina ndimapezeka ndafika kuchigafa popanda chokatenga.

Inu a mbumba yathu, ndikupempha kuti mawu awa musawataye. Muwasunge, kuti mwanayo akadzakula adzadziwe kuti tsiku lija sindinamusiye, ndiponso kuti agogo ake aamuna, mlongo wanga uja, anavomereza.