Chigayo changa ndi chitsime cha apongozi

Chigayo changa ndinachimanga ku Mlolo, kwawo kwa mkazi wanga, m'zaka zija za chipani chimodzi pamene simenti inkasowa ngati shuga. Ndinali mkamwini. Malo anandipatsa pakamtunda m'mbali mwa msewu. Kumunsi kwake kunali dimba la apongozi anga aakazi, ndi chitsime chimene banja lonse linkamwa.

Ine ndi apongozi tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga. Koma mwezi umene tinayamba kumanga, iye anapita kuchipatala cha ku boma kukadikira mwana, ndipo panalibenso wotilumikiza.

Mmisiri amene ndinamulemba ankadziwa njerwa, koma akaweruka ankatsukira wilibala ndi mafosholo pomwepo, madzi otuwa n'kumatsetsereka. Mitengo ya denga tinkaigoneka pansi n'kuipaka oyilo wakutha wa injini kuti chiswe chisadye. Dothi la pamenepo linada bii. Ine ndinkangoyang'ana khoma likukwera.

Tsiku lina m'mawa apongozi anabwera ndi mbuzi yawo, naimangirira pamtengo wa mango pakati pa chigayo ndi dimba. Anakhala pansi atatifulatira, n'kuyamba kuifotokozera nkhani mokweza. Anaiuza kuti madzi a pachitsime ayamba kuterera m'manja, kuti pamwamba pake payandama utawaleza, ndiponso kuti achule asamuka osatsanzika. Anaifunsa ngati inamvapo za munthu wofika sekondale, wofuna kugayira anthu ufa atawalanda madzi ophikira.

Mbuzi inkangodya masamba. Mmisiri anandigunyuza.

"Bwana, akucheza ndi mlamu wanu. Za pabanja musalowerere."

Atachoka ndinatsikira kuchitsime. Sananame. Ndiponso mvula inali pafupi, ndipo yoyamba ikanakokololera oyilo ndi simenti yonse mommo.

M'mawa mwake, apongozi atakhalanso pamalo pawo, ndinapita kwa mbuzi, chipewa kumanja, n'kunjuta. Ndinaipepesa. Ndinaiuza kuti ndikumba dzenje la madzi otsukira kuseri kwa khoma. Apongozi anauza mbuziyo kuti kuseri kwa khoma ndi mchenga, madzi angodutsa pansi n'kukatulukira kuchitsime komweko. Wanzeru angakumbe cha kumsewu, kumene kuli dongo.

Masiku atatu tinagwira ntchito molamulidwa kudzera mwa mbuzi. Tinakumba dzenje cha kumsewu n'kulimata dongo. Dothi lakuda lija tinalipala ndi makasu n'kulithira m'madiramu akale. Mitengo yotsala tinaipakira pamwamba pa malata akutha, oyilo n'kumadonthera m'chitini. Kenaka tinaunda mzere waukulu wadothi kuzungulira malo onse, kuti madzi a mvula azikhotera kudzenje.

Tsiku lachiwiri tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anadutsa pa njinga, nandipeza nditanjuta, ndikufunsa mbuzi ngati mzerewo wakula mokwanira. Anaima, nayang'ana ine, nayang'ana mbuzi, n'kupalasa osapereka moni. Ndinamva pambuyo pake kuti anakafunsa kwa katekisiti ngati ndikadali mkhristu.

Tsiku lachinayi masana kunachita mitambo yakuda kuchokera cha ku Pembamoyo. Mbuzi inali itatafuna chingwe n'kuthawa. Apongozi anabwera mothamanga, nafika pamtengo wa mango, napeza chingwe chokha. Anaima atatifulatira n'kumatsokomola. Ndinadziwa kuti aona chinachake cholakwika, koma analibe wochiuza. Ine ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe kukasaka mbuzi iliyonse, ngakhale ya mwini wake. Zonse zinali zitathawa mabingu.

Pobwerera ndinapeza mmisiri atagwada pansi pa mango, chingwe atachikoleka m'khosi.

"Amayi, nenani. Lero mbuzi ndine."

Apongozi anamuyang'ana.

"Mbuzi iyi ndiyo inaipitsa chitsime changa," anatero. "Koma poti ina palibe, imve. Podutsira wilibala mzere waphwanyika, ndipo ndi cha kudimba."

Zinali zoona. Gudumu la wilibala linali litadula mpata waukulu, ndipo tonse tinkaulumpha osauona. Tinatola makasu. Mmisiri anakumba chingwe chili m'khosi. Madontho oyamba anatipeza tikupondaponda dothi pampatapo. Mvula itakula ndinaima pakhomo la chigayo chopanda denga, ndikuvumbwa, kuonerera madzi akufika pamzere, kuzengereza, n'kukhotera kumsewu. Dzenje linadzaza madzi otuwa, koma silinasefukire.

Chitsime tinachikapa katatu sabata imeneyo, banja likutunga kumtsinje, kutali. Lamlungu titabwera ku tchalitchi ndinabisala kuseri kwa nthochi. Apongozi anatsikira kudimba ndi ndowa. Anatunga m'chikho, nayang'ana padzuwa, nanunkhiza, natikita madzi pakati pa zala. Kenaka anamwa. Anadzaza ndowa, nasenza, n'kumapita kwawo osauza aliyense kanthu.