Ketulo pa njinga yamoto ya alamu anga

Loweruka lapitali ndinali kwa Nthache, kwa alamu anga a Lufeyo, aja amakhoma zidebe ndi maketulo. Mudzi wonse unali pakhomo pawo. Anthu anabwera kudzaona njinga yamoto imene mkuluyu wakhala akupanga kuseri kwa nkhokwe chiyambire dzinja.

Injini anaipeza kwa mkulu wina wa ku Zobue, mateyala n'kupempha uku ndi uku. Zotsalazo ndi ntchito ya manja awo: kudula malata, kuwapinda pachitsa, kuwakhoma ndi hamala mpaka thanki kutuluka yosalala ngati dzungu. Anakhomanso kachidutswa ka lata kophimba tcheni kuti chitenje chisakodwe, ndi popondera pake, poti mayi amakhala chammbali.

Wokwerayo ndi achemwali anga a Nangozo, akazi awo. Nyamakazi inawagwira mawondo moti ngakhale kumsewu safika, ndipo pa njinga yakapalasa alamu sangakwere nawo zitunda zathuzi. Tsono mwana wawo wamkazi, amene amakhala ku boma, wabereka mwana wake woyamba, ndipo tsikulo ndi limene khanda limatuluka m'chikuta. Wolitulutsa ndani ngati si agogo ake?

Achemwali anatchena, duku kumutu, khadi lachipani atalimanga pansonga ya chitenje. Alamu anathira petulo. Tisanaphethire n'komwe, timadzi takuda tinayamba kuchucha m'mbali mwa thanki.

"Abale inu, ndinaiyesa ndi madzi ine, sinadonthe!" anatero alamu atagwira m'mutu.

Sananame ayi. Msoko wa thankiyo anamata ndi phula, monga amachitira ndi chidebe chilichonse. Madzi alibe nalo mlandu phula. Petulo ndiye amalisungunula.

Anthu anafa nalo phwete, ena mpaka kugwira nthiti. Dalaivala wina wa malole a pamalire anati, "Ine ndinaona kalekale akumata phula lija. Ndinangoti tidzaonera."

Mwamva, awerengi? Anaona kalekale! Amadutsa pakhomopo, amapereka moni, amamwa thobwa la achemwali, koma liwu limodzi lokha analisunga kudikira tsiku la chiseko.

Matenda amenewa tili nawo ambiri. Munthu akayamba chinthu chachilendo timati wapenga, kenaka timakhala pansi kudikira kuti agwe. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga unansi wathuwu unapita kuti? Ine zinandiwawa, sindibisa.

Achemwali okha sanaseke. Anali atakhala kale pampando wa njingayo, ndipo kutsika anakana.

"A Lufeyo, kodi maketulo anu aja mumamata ndi phula?"

"Ayi mayi, ndi mtovu, poti amapita pamoto."

"Nanga mukudikira chiyani?"

Mwamwayi, petulo wina anali akadali m'chigubu. Alamu anachotsa thanki yawo yokongola ija, n'kumangapo ketulo chopendekera, paipi kukamwa kwake, chivindikiro anamanga ndi mphira. Anaponda kangapo, thukuta kamukamu. Kenaka phuphuphu! Nkhuku zinabalalika, ndipo aja amaseka aja ndiwo anayamba kululutira.

Za mapepala a njingayo musandifunse. Anadzera njira zachidule, ine ndikupalasa njinga yanga pambuyo pawo, utsi wonse ukuthera m'mphuno mwanga.

Ndinafika ku boma lilime lili panja. Ndinapeza achemwali ali pakhonde, khanda lili m'manja, misozi ikutsika osaipukuta. Alamu anaima poteropo, akunamizira kukonza ketulo yawo kuti tisaone maso awo.

"Achimwene," anatero achemwali, "alamu anuwa ndi amisala ndithu. Koma ndi amisala anga."

Nanga inu, mnzanu akamamata thanki ndi phula, mumamutsina khutu, kapena mumayamba kusaka malo abwino oonerera?