Zikomo Wochedwa wa Mayi Araba

Mayi Araba Essilfie sanalowepo m'kalasi ya zamalamulo, koma kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi palibe amene waonana ndi loya ku ofesi ya ku Takoradi asanadutse pa tebulo lawo. Kampani ya maloyayo ndi yaikulu, ili ndi maofesi ku Accra, Kumasi, Tamale ndi kwina, ndipo pakhoma pali chikwangwani chotchula ntchito zake zonse. Anthu sachiwerenga. Amangoima pamaso pa Mayi Araba, iwo n'kuwayang'ana m'manja.

Wonyamula chipepala chokulungidwa ngati ndodo, ameneyo ndi wa nkhani za malo, chitseko chachiwiri. Wovala nsalu yakuda, abale ali mbuu pambuyo, ndi wa chuma cha masiye. Wa bandeji m'khosi amapita kwa loya wolimbana ndi a inshuwaransi. Amuna awiri akalowa akuseka, fayilo ili imodzi, ndiye kuti akudzalembetsa kampani, ndipo mayiwo amawauza kuti asataye nambala ya foni chifukwa adzabweranso aliyense ndi fayilo yake. Milandu ya sitima zapamadzi amaitumiza ku Accra. Obwera ndi za banja okha ndi amene amayamba awapatsa madzi akumwa.

Funso lawo ndi limodzi kwa aliyense: "Munalemba?"

"Ayi mayi, tinangogwirizana pakamwa. Ndi m'bale wanga."

"Onse ali pabenchiwo ndi a pachibale, bambo. Pezani malo."

Koma kunyumba kwawo ku Anaji funso limeneli linalibe mphamvu. Amuna awo, Bambo Ebo, amene anakalambira pa ntchito yokweza katundu ku doko, ankati kulemba wilo n'kuitana bokosi. Poloti anagula asanakwatire, ndipo zikalata zinali m'dzina lawo, ngakhale kuti njerwa ndi malata zinatuluka m'thukuta la onse awiri. Lamlungu lina, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, akudya fufu, nsima yakumeneko, Bambo Ebo anawaitana ndi dzina la mwana wawo, nati, "Mayi a Kukua, nyumba ino ndakupatsani. Ndi yanu."

"Mukundipatsa malata anga omwe? Tandipatsirani mcherewo."

Nkhani inathera pamenepo, ndipo Mayi Araba anaiiwala mpaka tsiku limene loya wachitsikana, Ewurabena, anasiya chitseko chake chosatseka bwino. M'katimo munali mayi wamasiye.

"Amuna anu atakupatsani nyumbayo, munachita aseda?" anafunsa loyayo. "Munathokoza pamaso pa abale awo, botolo lili patebulo?"

"Ndinathokoza kuchipinda, mwanangu."

"Kuchipinda kulibe mboni, mayi. Popanda aseda, abale anena kuti mphatsoyo sinafike. Lamulo likupatsani gawo lanu, koma nawonso ali ndi lawo. Mwina nyumbayo igulitsidwa kuti mugawane."

Munthu wotsatira pamzere, bambo wa chipepala cha malo, Mayi Araba anamutumiza kwa loya wothetsa mabanja. Aka kanali koyamba kusocheretsa munthu. Mantha anali atawagwira zenizeni. Bambo Ebo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, mapiritsi a mtima ali m'thumba, ndipo mlongo wawo Adjoa anali ndi ana aamuna atatu amene akabwera kudzacheza ankayeza khonde ndi maso. Mayi amene anakalipira theka la Takoradi chifukwa chosalemba anali kugona m'nyumba imene anaiyankha ndi mchere.

Botolo la mowa waukali silinavute kugula. Chovuta chinali zikomoyo. Mayi Araba ndi munthu wabwino, koma wouma khosi. Angakuphikireni sabata yathunthu m'malo monena kuti pepani. Kuthokoza mwamuna pagulu chifukwa cha malata amene anakasankha okha, n'kuwaperekeza okha pa lole, kunali ngati kumeza mwala. Anayeserera mawuwo m'minibasi kwa masiku atatu, milomo ikungogwedera, mpaka kondakitala anayamba kuwalemekeza poganiza kuti akupemphera.

Loweruka masana anthu anasonkhana pakhonde. Kunabwera mkulu wa banja la a Ebo, Bambo Kweku Arhin, kunabwera Adjoa ndi ana ake, ndi anansi awiri. Bambo Ebo anavala nsalu yawo ya kutchalitchi, n'kukhala pakati ngati mkwati. Mayi Araba anaika botolo patebulo, n'kuima manja kumbuyo.

"Bambo a Kukua, pa nyumba imene munandipatsa, ndathokoza."

Bambo Ebo anaika dzanja kukhutu. "Khutu ili linafera ku doko. Mwati bwanji?"

"Ndati ndathokoza."

"Akuti akufuna mchere?" anafunsa Bambo Ebo, akuyang'ana mkulu wa banja.

Anthu anafa nalo phwete. Mayi Araba anakoka mpweya, n'kunena kachitatu ndi mawu aja amaitanira nawo anthu pabenchi, mpaka nkhuku za mnansi zinamva.

"Alamu, zaka zonsezi pakhosi panakhala chiyani?" anatero Adjoa, akuseka ndi mano okha.

"Panakhala malata, alamu. Lero atsika."

Bambo Arhin anatsegula botolo, anathira pang'ono pansi potchula makolo, kenako anafunsa aliyense ndi dzina ngati wamva. Ana a Adjoa anavomera mmodzimmodzi, maso ali pa nsapato. Tambula inazungulira, ndipo nyumba inakhala ya Mayi Araba pamaso pa onse.

Alendo atapita, mayiwo anayamba kutsuka matambula mwaphokoso kuti mwini khutu lakufa amve kuti akwiya.

"Lolemba mukubwera ku ofesi," anatero osacheuka. "Chitseko chachinayi. Bokosi libwere, lisabwere, wilo mulemba."

Bambo Ebo anadzuka pampando. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi Baibulo lawo, ndipo m'kati mwake anasololamo kakalata kofiirira ndi ukalamba. Pamwamba pake panali chizindikiro chimene Mayi Araba amachidinda tsiku lililonse. Kanali ka kampani yawo yomwe, koma ofesi ya ku Kumasi, kotsimikiza kuti wilo inalembedwa ndi kusungidwa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

"Zonse zili m'dzina lanu," anatero.

"Ku Kumasi? Ulendo wa tsiku lonse pa basi, ofesi ili pamphuno pano?"

"Nanga ndikanadutsa bwanji pa tebulo lanu? Mukanandiyang'ana m'manja, n'kundiuza kuti ndipeze malo pabenchi."

"Ndiye mwandisiya ndigule botolo, ndiime ngati mwana wasukulu pamaso pa Adjoa, mukudziwa kuti zonse munakonza kale? Osandiuza bwanji?"

Bambo Ebo anabweza kakalatako m'Baibulo, n'kukasisita ndi chala. Nthabwala zinali zitawathera.

"Ndimafuna ndimve kamodzi kokha ndisanapite."

Mayi Araba anapukuta manja pa chitenje, n'kukhala pambali pawo. Pakhonde panalibe mboni, ndipo botolo linali litatha. Ananenanso mawu aja motsitsa, ndipo khutu lija linafera ku doko linamva ulendo umodzi.