Madzi a m'mapaipi ndi mawu a amayi

Ntchito yanga ndi kujambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Kachipinda kanga kali pa Kaluluma, pakati pa sitolo ya feteleza ndi ya telala, ndipo denga lake ndi la malata opanda siling'i. Mu Okutobala, ikangokwana leveni koloko, ngakhale ntchentche zimachita ulesi kuuluka m'menemo.

Amayi anatisiya mu Julaye. Patapita miyezi itatu, abambo anabwera pa njinga kuchokera kumudzi, atavala jekete yawo yakuda. Iwo sabwera pamsika opanda jekete, kaya dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pa benchi, kenako anati, "Mwanawe, nkhope ya amayi ako ndikuikumbuka bwinobwino. Koma mawu awo ayamba kundithawa."

Ine wojambula anthu a eni sabata ndi sabata, mawu a mayi wanga ndinalibe. Amayi ankadana ndi kamera, akangoiona ankabisala kumbuyo kwa anzawo. Nditafufuza m'makanema onse, ndinapeza malo amodzi okha: pa ukwati wa msuweni wanga ku Simlemba akuoneka akuweramira abambo, kuwauza kanthu, kenako n'kuseka. Tsoka lake anakhala pafupi ndi masipika, moti chomveka chinali ng'oma basi.

Mnzanga wina wojambula ananditumizira pulogalamu yotha kupeta phokoso n'kusiya mawu a munthu, monga timachotsera gaga mu mphale. Pa kompyuta yanga inkafuna maola awiri kuti imalize kachigawo kokhako. Koma ikangoyamba, fani ya m'kati inkalira ngati chigayo, nambala yoonetsa kutentha inkakwera, ndipo pasanathe theka la ola chilichonse chinkazima. Ndinatsegula m'mbali mwa bokosi la kompyutayo n'kuloza fani ya patebulo m'katimo. Ndinapachika chitenje chonyowa pawindo. Ndinayesa m'mamawa kusanatenthe, zinangowonjezera mphindi khumi. Tsiku lina ndinaikalipira kompyutayo mokweza mpaka telala anasuzumira kuti aone amene ndikukangana naye.

Wogulitsa zipangizo ku Lilongwe, amene ndinkalankhula naye pa foni, ndiye ananditchulira zoziziritsa ndi madzi. Ndinaganiza kuti akundiseka. Kuyambira tili ana timauzidwa kuti usagwire soketi ndi manja onyowa, lero munthu akuti ndilowetse madzi m'kati mwa chinthu chimene chimandidyetsa. Ananditumizira zithunzi za mitundu iwiri. Wina unali wodzipangira wekha: umagula mapaipi, thanki ndi pampu payokha, n'kulumikiza, n'kuthira madziwo ndi manja ako. Wina unali wotseka kale kufakitale, kachitsulo kokhala pa purosesa, mapaipi awiri akuda, ndi rediyeta yokhala ndi mafani. Ndinakhala masiku atatu ndikuyang'ana zithunzizo, mantha ali tho.

Abambo atabweranso, ndinawaonetsa kuti angodziwa chifukwa chimene ndikuchedwera. Ndinkayembekezera kuti andiletsa. M'malo mwake anatulutsa magalasi, nabweretsa foni pafupi ndi mphuno, n'kuyamba kulondola mapaipiwo ndi chala.

"Moto uli pati?" anafunsa.

Ndinaloza purosesa, kachitsulo kochepa kuposa bokosi la machesi komwe ntchito yonse imachitikira.

"Ndiye madzi akutenga moto apa, kupita nawo uku, mphepo n'kuuchotsa, iwo n'kubwerera." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iyitu ndi balani yotembenuza. Ife tinkalowetsa kutentha m'mapaipi kuti fodya aume. Iwe ukufuna kukutulutsa."

Abambo anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ndisanabadwe, akusonkha moto m'mabalani oumitsira fodya, kenako akuthandiza woyendetsa thirakitala. Ndinkazidziwa zimenezi monga mwana amadziwira mbiri ya makolo, mongomva. Sindinaganizepo kuti m'mutu mwa mdala amene satha kusunga nambala mu foni muli nzeru zoti n'kundisankhira chipangizo cha kompyuta. Ndinachita manyazi, komanso ndinagoma.

Mtundu wodzipangira anaukana pomwepo. Anawerenga malo olumikiza pa chithunzi, amodziamodzi, nati, "Paipi imadonthera polumikiza. Iwe sunamangepo ngakhale mpope wa kubafa. Tenga yotsekayo." Zinandiwawa pang'ono, koma sananame.

Pa yotsekayo panalinso kusankha: ya fani imodzi, ziwiri kapena zitatu. Mtima wanga unali pa ya zitatu, chifukwa inali ndi magetsi osinthasintha mitundu, ndipo ndinkaona kale akwati akulowa mu ofesi yanga n'kuchita kakasi. Abambo anatulutsa m'thumba kachingwe komangira fodya, nayeza m'kati mwa bokosi, namanga mfundo, n'kunditumiza kwa telala kuti akandiwerengere pa tepi. Ya zitatu sikanalowa ngakhale mutaikankha ndi phazi. Ya imodzi wogulitsa anati singalimbane ndi Okutobala wa ku Kasungu pansi pa malata. Tinatsala ndi ya ziwiri, yopanda magetsi okongola. Wogulitsayo anandiuzanso kuti ndimuwerengere dzina la purosesa yanga chilembo ndi chilembo, kuti zomangira zake zikagwirizane, chinthu chimene ine ndekha sindikanachiganizira.

Katunduyo anafika pa minibasi Lachisanu. Loweruka m'mawa abambo anatulukira ndi jekete yawo, kumbuyo kwa njinga atamangirira kachigubu ka madzi.

"Awa ndi a chiyani, abambo?"

"A pa mjigo wa kwathu. Ndasefa ndi nsalu. Rediyeta imafuna kuwonjezera."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawafotokozera kuti madzi ake ali kale m'kati, osakanizidwa ndi mankhwala, ndipo palibe pothirira. Adzazungulira momwemo zaka ndithu popanda wowatunga. Abambo sanaseke. Ananyamula rediyetayo ndi manja awiri, naigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo tonse tinamva kaphokoso ka madzi m'katimo.

"Madzi omwewa, kupita ndi kubwera, osatha," anatero motsitsa mawu. "Amayi ako anasenza ndowa zingati kupita nazo ku balani kuja."

Anagwedezanso, nati muli kampweya pang'ono. Ine ndinali nditakonza zoika rediyeta pansi pa bokosi, chifukwa ndi pomwe panali posavuta kufika ndi sikuludiraiva. Anandigwira dzanja. Anati mpweya umathawira pamwamba nthawi zonse, ndipo rediyeta ikakhala pansi, mpweyawo ukakhala mu pampu, pampu n'kumalira mpaka kufa. Thirakitala inawaphunzitsa zimenezo. Ndinaimbira wogulitsa uja kuti ndiwatsutse, iye n'kundifunsa kuti katswiri amene ndili nayeyo ndamupeza kuti. Tinaimangirira kudenga kwa bokosi, mafani akutulutsira mphepo kunja. Abambo analamulanso kuti kompyuta ichoke pansi ikhale patebulo, chifukwa fumbi la pamsewu wathu lingatseke timipata ta rediyeta mwezi usanathe.

Ndinakanikiza batani loyatsira. Ndinkadikira kuthetheka ndi fungo la waya wopsa. Kunamveka kulira kwa madzi kamodzi, ngati munthu akumeza, kenako zii. Ndinaganiza kuti sinayake, koma sikirini inali itawala. Ndinagwira paipi imodzi ndipo ndinamva kunjenjemera kochepa kwambiri, ngati mtsempha wa pamkono. Ndinayambitsa pulogalamu ija nthawi ili leveni koloko, malata akuthetheka pamwamba pathu.

Theka la ola linadutsa. Nambala ya kutentha inakwera pang'ono n'kuima, osasunthanso. Abambo anaika dzanja pamwamba pa bokosi pomwe pankatuluka mpweya wofunda, nalisiya pomwepo. Ine ndinkangoyang'ana mapaipi awiri akudawo. Sindinaonepo chinthu chogwira ntchito yaikulu chotero mwakachetechete. Kachitsulo kochepa kaja kankawerengera zinthu zimene mutu wanga sungazifike, kufunafuna mawu a mayi wanga pakati pa ng'oma, ndipo madzi osakwana kapu ankakanyamulira moto wake. Ndinachita mantha a mtundu wina, onga amene ndimamva mvula yoyamba ikamabwera kuchokera kutali pamwamba pa minda.

Itangodutsa wani koloko, pulogalamu inamaliza. Ndinapempha telala kuti aimitse makina ake pang'ono. Abambo anakhala tsonga pa benchi, nakonza kolala ya jekete, manja pa mawondo ngati ali m'tchalitchi. Thukuta linkatsika m'masaya mwawo.

Pa sikirini amayi anaweramira abambo. Ng'oma zija zinamveka patali ngati za mudzi wina. Ndipo mawu anatuluka, okanda pang'ono, koma awo enieni, ndi kakalipidwe kawo kaja:

"Inu, tavulani jeketeyo. Mukuchita thukuta ngati muli ku balani. Anthu aziti sindikusamalani."

Kenako kuseka kwawo.

Ndinagwira pakamwa. Masiku onsewa ndinkaganiza kuti anali kunena za mkwatibwi, kapena mawu ena akulu oti tidzawasunge. Sindinayerekeze kuyang'ana abambo. Ndinangomva benchi ikulira, ndipo nditacheuka ndinawapeza ataimirira, akumasula mabatani limodzilimodzi. Anavula jeketeyo, naipinda bwinobwino, naiika pa mawondo pokhalanso pansi.

"Ndamva, mayi," anatero, akuyang'ana sikirini. Kenako, osanditembenukira, anati, "Bwezera, mwanawe."